Mawu a Agness M'kamwa mwa Mwana

Kaumbwe, 6 Novembala 2022

Okondedwa alamu anga a Lillian,

Landilani moni. Kuno tauka, mvula yoyamba yagwa mailo koma yongopha fumbi. Kaya inu ku Lusaka? Ndasankha kalata chifukwa nkhani iyi si ya pafoni. Mudziwa nokha kuti netiweki kuno timaipeza pachulu cha kuseli kwa golosale, ndipo ukangokwela pachulupo mudzi wonse umasiya ntchito n'kutchela khutu. Ndapatsila a Wiseman, kondakitala wa basi.

Ndi za mwana wanu Happiness. Chiikile amake m'manda mu Ogasiti anangoti zii, ndipo tinati n'chikhalidwe chake, paja sanakhalepo wocheza ndi anthu. Mwezi watha wayamba kuyankhula. Mwina muti tikondwele. Koma alamu, mawu amene akutuluka m'kamwa mwake si ake. Ndi a m'bale wanu Agness.

Tsiku loyamba ndinali kuchokela kudimba, khasu lili paphewa. Ndikulowa pabwalo ndinamva, "A Josphat, mwabwela? Madzi ali pamoto." Khasu linagwa lokha. Anali mawu enieni a mkazi wanga, mpaka kachifuwa kaja ankatsokomola akamaliza kuyankhula. Kucheuka, ndi mwana wa zaka zisanu ali pansi pa nkhokwe, akundandalika zitsononkho monga achitila masiku onse, osandiyang'ana n'komwe.

Tsopano ndi tsiku lililonse. "Tsekani chitseko, nkhuku zilowa." "Iwe mwana, udzagwa pamenepo." Choopsa n'chakuti nthawi zina amagwila chipumi n'kumati, "Mutu wanga, mayo, mutu wanga," monga ankalilila Agness pamphasa sabata yake yomaliza.

Akulu anu a Anastazia alamula kuti pasapezeke womuyankha. Akuti wakufa akaitana savomeledwa, ukavomela akutenga. Ine ndine mkamwini chabe pamudzi pano, ndingatsutse ndani? Ndiye mwana akayankhula tonse timayang'ana pansi. Amabweleza, kubweleza, kenaka n'kuleka.

Ndili ndi mantha, alamu, sindibisa. Ndiuzeni maganizo anu.

Ine mlamu wanu,
Josphat


Lusaka, 19 Novembala 2022

Alamu a Josphat,

Moni. Ndili bwino. Ndikulemba papepala lili pabondo pano pa siteshoni, basi ya a Wiseman yaliza kale huta, ndiye mundikhululukile kufupika.

Kalata yanu yandisowetsa tulo. Mwanayo abwele kuno ku Lusaka msangamsanga. Ndi mwana wathu, magazi athu, sindingalole kuti aonongeke ine ndili moyo. Kumudziko palibe chimene mungamuchitile. Mumangile zovala zake zonse. Ngati simungathe kubwela naye, ndidzamutenga ndekha sukulu zikatsekela.

Mupeleke moni kwa asisi Anastazia. Zambili ndilemba.

Lillian


Kaumbwe, 11 Disembala 2022

Iwe Lillian,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pamoni. Tili moyo. Tabzala chimanga ndi nshawa, mvula ikugwa yosaleka.

Kodi ku Lusaka amagulitsa nzelu pamsika? Pamalilo a mng'ono wathu unangokhala ngati mlendo wodzapempha moto, n'kukwela basi. Lelo ndiwe wodziwa zonse, ife akumudzi palibe chimene tingachite. Chabwino. Koma kakalata kako kadwalitsa munthu kuno. Awisi Happiness, alamu ako a Josphat, akuyenda nako m'thumba la malaya, akuti akuchikazi apangana zondilanda mwana. Galimoto ikangolila kumsewu akumunyamula mwana n'kukakhala naye kumunda mpaka dzuwa litapendeka. Munthu wamwamuna waonda ngati wapulumuka njala. Mwana ndi wathu inde, mbumba ndi yathu, koma sitilanda mwana m'manja mwa munthu amene sanavule n'komwe zakuda.

Tsopano za kuyankha. Sindinayambitse ine mwambo umenewu, tinaupeza. Mwana wanga Simon anayesa. Kamwanako kanati, "Simon, usaiwale mbuzi kudambo," iye mwachibwana n'kuti, "Ndamva, amai aang'ono." Sabata isanathe anali gone, thupi moto, akubwebweta. Akuchipatala akuti malungo. Eya, malungo. Nanga bwanji anasankha iye yekha m'nyumba yodzaza anthu? Ine ndaika mng'ono wanga chaka chino, sindifuna kukumbanso dzenje lina.

Ukuganiza kuti ine sizindipweteka? Mailo ndinali kupeta mphale. Anabwela kumbuyo kwanga mwakachetechete n'kuti, "Asisi, khalani pansi ndikulukeni tsitsi." Lillian, ukudziwa mmene Agness ankanenela, kukoka mawu kumapeto kuja. Ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi. Miyendo inafuna kukhala pansi yokha. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndine wamkulu pano, ndinapitiliza kupeta.

Agness akufuna kuona ngati tikumugwilabe. Tikapilila osavomela adzatopa, adzapita kukagona, mwana n'kumasuka. Iwe khala ndi Lusaka wako. Ngati uli ndi chifundo tumiza sopo ndi mchele.

Ndine mkulu wako,
Anastazia


Lusaka, 28 Disembala 2022

Okondedwa alamu a Josphat,

Moni, ndikhulupilila mwadya Khisimasi bwino. Ine ndaidya ndi manyazi. Asisi andiuza mmene munamvela kalata yanga. Pepani maningi, alamu. Pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu kumbuyo. Sindifuna kukulandani mwana, Mulungu ndi mboni. Ndinafuna kuti aonedwe ndi anthu odziwa, basi. Sindibwelanso kudzamutenga.

Mvetselani bwino. Pasukulu imene ndimaphika phala pali ana ngati Happiness. Sayang'ana munthu kumaso, amakonda kundandalika zinthu, ndipo ena amasunga mawu a anthu athunthu, ndi kamvekedwe kake komwe, n'kudzawatulutsa patapita miyezi. Pali kamnyamata kamene kamayankhula ndendende ngati ine ndikamakalipa kukhichini. Ine ndamwalila?

Kumbukilani Agness ali moyo. Si Happiness yemweyu ankanena chilengezo chonse cha feteleza cha pawailesi, ndi mawu aakulu a bambo uja, ife n'kumagwa ndi phwete? Panalibe ananena kuti wailesi yamulowa. Mwanayu mawu amene anamva kwambili pa moyo wake ndi a amake, chifukwa ndi Agness yekha amene ankakhala naye pansi n'kumamuyankha chilichonse. Alibe mawu ena oti akupatseni. Akutenga amene ali nawo.

Ndafunsa aphunzitsi athu. Akuti chinthu choipitsitsa ndi kumukhalila chete. Mwana wotele akayankhula osayankhidwa amaphunzila kuti kuyankhula n'kopanda ntchito, ndipo kumubweza kumeneko n'kovuta. Alamu, ndagwila mwendo wanu, muyankheni. Yambani lelo lomwe mwalandila kalatayi.

Akutinso kuli amai ena, a Mukela, ophunzitsa ana kuyankhula ndi kucheza ndi anzawo. Amafika kuchipatala pa boma ku Petauke Lachisanu loyamba la mwezi. Mupite naye inu nomwe atate ake. Sopo ndi mchele za asisi zili m'kathumba komweka.

Mlamu wanu,
Lillian


Kaumbwe, 12 Febuluwale 2023

Alamu a Lillian,

Moni. Munati zambili mulemba, ndadikila mpaka maso kuuma. Mwina mwakwiya kuti sindinabwele naye mwana. Mwina muli kukonza zodzamutenga ndi apolisi, sindidziwa. A Wiseman sakuonekanso pa basi, ndapatsila mphunzitsi wina amene akupita kumeneko.

Ndikudziwitseni kuti Happiness waleka kuyankhula. Sizinachitike tsiku limodzi. Anayamba kunena motsitsa, kenaka kumangogwedeza milomo. Mawu omaliza ananena tili kupalila. Anaima kumapeto kwa mzele n'kuti, "A Josphat, dzuwa lakula, bwelani mudye." Ndinawelama, n'kupitiliza kupalila ngati gonthi. Anaima pomwepo nthawi yaitali. Chichokele tsiku limenelo palibenso.

Pamudzi pali chimwemwe. Akuti Agness wagona tsopano. A Anastazia anapha nkhuku, ndipo akuti tikakolola adzandisudzula mwamwambo kuti ndikhale mfulu. Anthu akundigwila chanza ngati ndapambana mlandu.

Koma ine ndikaona mwanayu mtima umandiwawa. Kale akafuna madzi ankandikoka dzanja kupita nane pamtsuko. Tsopano ngakhale zimenezo waleka. Amakhala ndi ludzu mpaka wina akumbukile. Ana anzake akamasewela phada iye amakhala kuseli kwa nkhokwe, nkhope kuchipupa. Nyumba yangoti zii ngati tsiku lija tinabwelako kumanda.

Akuti wachila. Ngati uku ndiye kuchila, alamu, ndiye kudwala n'kotani?

Josphat


Kaumbwe, 12 Malichi 2023

Okondedwa alamu,

Moni, ndipo mundikhululukile zimene ndinakuganizilani. Kalata yanu ya Disembala yafika kumapeto kwa Febuluwale. Basi ija inafela pa Nyimba, a Wiseman anakangana ndi mwini wake n'kusiya ntchito, kathumba kanu n'kutsala mushopu ya amai ena ogulitsa nthochi. Mchele unasungunuka, kalata yafika ndi madontho, koma imawelengeka. Pamene munalemba kuti yambani lelo lomwe, ndinaiika pansi n'kutuluka panja. Ikanafika nthawi yake bwenzi mwana akali ndi mawu.

Lachisanu loyamba la mwezi uno ndinamukweza panjinga mpaka pa boma. Kwa a Anastazia ndinati tikupita kusikelo. A Mukela ndi amai achilozi, aafupi, Chinyanja chawo n'chothyokathyoka. Ndinkayembekeza jakisoni kapena mapilitsi. Iwo anayala chitenje pasimenti n'kukhala pansi ndi diresi yawo yabwinobwino. Anakhuthula zotsekela za mabotolo. Happiness anayamba kuzindandalika, iwonso n'kuyamba mzele wawo pambali pake, osanena kanthu. Ine mumtima ndinati, ndapalasa njinga mtunda wonsewu kudzaonela munthu wamkulu akusewela?

Patapita nthawi anatenga chotsekela chimodzi n'kuchiika mokhota pamzele wa mwana. Happiness anakankha dzanja lawo. Iwo anaseka n'kuti, "Eya, wakana! Pepa, mama, ndachotsa." Anadikila, n'kuikanso mokhota. Anakankhanso, koma ulendo uno anawaponyela diso pang'ono. A Mukela ananditembenukila n'kuti, "Mwaona, bambo? Tayamba kucheza."

Anandiuza kuti kucheza kuli ngati akazi awili posinja mumtondo umodzi, wina akatsitsa munsi mnzake amadikila, kenaka n'kutsitsa wake. Akuti ndizikhala pansi kuti nkhope zathu zilingane, ndizichita zimene iye akuchita, ndipo ndikanena kanthu ndizitseka pakamwa n'kudikila, ngakhale kudikilako kutalike bwanji. Chilichonse chimene angandipatse, kaya dzanja, kaya diso, kaya mawu, ndibweze.

Ndinafunsa kuti, nanga akabwela ndi mawu a malemu? Ndinawafotokozela mwambo wathu, ndikuyembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anati kwawonso ziliko zotelo. Kenaka anati, "Za akufa ine sindinaphunzile, bambo, sindingakunamizeni. Ndidziwa za mwana uyu. Anagogoda, simunatsegule, waleka. Akadzagogodanso adzagogoda ndi mawu omwewo, chifukwa ndi amene ali nawo. Pamenepo mudzasankha nokha."

Tsopano masana alionse ndimapita naye pansi pa mtengo wa msekese kumunda, kumene kulibe maso a anthu. Ndimatenga zitsononkho. Sananenebe kanthu. Koma mailo anandipatsila chitsononkho m'manja, n'kudikila kuti ndiike.

Ine mlamu wanu,
Josphat


Lusaka, 2 Epulo 2023

Alamu,

Moni. Ndalila powelenga, mpaka aphunzitsi kundifunsa ngati kwagwanso zovuta. Kalata ija ndikanaitumiza ndi munthu wina! Musaleke, alamu, ngakhale aoneke ngati sakumva. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asisi ndawalembela kawili, sakundiyankha. Iwonso andiika m'gulu la osavomeledwa. Mundiuze chilichonse, ngakhale chaching'ono.

Lillian


Kaumbwe, 21 Meyi 2023

Alamu a Lillian,

Moni. Tili mkati mokolola, chimanga chachita bwino. Zachitika, ndipo sindidziwa ngati ndikuuzeni mokondwa kapena molila.

Ine ndinkapempha kuti akadzayankhula adzayankhule kumsekese, tili awili. Sizinatelo. Linali Loweluka masana, pabwalo podzaza anthu akusenda chimanga. Ndinafika ndi ngolo, ndikumasula ng'ombe. Ndinangomva kumbuyo kwanga, motsitsa, mawu aja ndinawasowa miyezi yonseyi.

"A Josphat, mwabwela?"

Manja onse pabwalo anaima. A Anastazia anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Alamu, ngakhale mwandifotokozela za wailesi, khutu langa linamva mkazi wanga. Ndinaganiza za Simon ali gone. Ndinaganizanso za tsiku lija ndinawelama kumunda. Ndinagwada pafumbi patsogolo pake n'kuti, "Ndabwela. Atata abwela, Happiness."

Anakweza maso. Anandiyang'ana kumaso kwenikweni, osati kondidutsa. Kenaka anati, "Madzi ali pamoto." Ndinati, "Zikomo, mwanawe. Tiye tikaone." Anandigwila chala, tinapita kukhichini. Pamoto panalibe kanthu, koma tinatelekapo madzi tili awili.

Madzulo ake a Anastazia anandiitanila akuluakulu a banja. Akuti ndamuitananso Agness pamudzi, ndaika ana awo pangozi, ndipo munthu wovomela wakufa sangasudzulidwe bwino. Chigamulo n'chakuti tikamaliza kugulitsa chimanga ndibwelele kwathu ku Nyimba. Mwana atsala, paja ndi wa mbumba yanu. Sindinatsutse. Ndinangopempha kuti mpaka tsikulo asandiletse kumuyankha.

Sindinadwale, ngakhale m'mawa uliwonse ndimadzigwila pachipumi. A Mukela tinawaonanso. Andiphunzitsa kuti akanena mawu a amake ndiziyankha, kenaka ndizimupatsa mawu aafupi oti akhale akeake. Ndimanyamula mbatata m'mwamba n'kudikila. Lachinayi anati, "Patse." Kamawu kakang'ono, kopyapyala, sindinakamvepo chibadwile chake. Ameneyo ndiye mwana wanga, alamu, ndiye ndangomumva kumene.

Chimene chikundidya n'chimodzi. Ine ndikapita, adzamuyankha ndani?

Josphat


Kaumbwe, 30 Julayi 2023

Lillian mng'ono wanga,

Moni. Makalata ako onse ndinalandila, ndinangouma mutu. Lelo ndalemba ndekha chifukwa nkhani iyi sindifuna uimve kwa wina.

Mailo linali tsiku loti awisi Happiness azipita. Katundu anamanga panjinga m'mawa, matumba awili ndi wailesi. Anati ayambe akatsanzika kwa anzawo a kumpingo, mwana n'kumusiya pakhonde panga. Ine ndinali kuswa nshawa.

Miyezi iwili iyi ndakhala ndikuwaonela patali, bambo wamkulu ali chigwadile pafumbi ngati akupempha mvula. Ndinkamva timawu tikuwonjezeka. Patse. Ayi. Mbuzi. Ine. Za Agness zinkabwelabe apo ndi apo, ndipo zikabwela ine ndinkalowa m'nyumba. Palibe anadwala, koma ndinati tisathamangile, chaka sichinathe.

Ndiye ndili kuswa nshawa, ndinaona timapazi taima patsogolo panga. Anagwila chitenje changa n'kukoka. Sanandigwilepo mwana ameneyu, Lillian, chibadwile. Ndinakonzeka kuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Koma iye anawelama kufunafuna nkhope yanga mpaka anaipeza, n'kunena ndi kamawu kake kaja kopyapyala:

"Amama ali kuti?"

Atatelo anatseka pakamwa n'kudikila, ndendende mmene amachitila atate ake, mmene anawaphunzitsila mai wachilozi uja. Maso ali pa ine, osaphethila.

Ndinayang'ana uku ndi uku, pabwalo panalibe munthu, nkhuku zokha. Ndinafuna kunena mumtima kuti ndi Agness, koma Agness angafunse bwanji kumene ali iye mwini? Anali mwana, Lillian. Mwana akufunsa amake. Tsiku la malilo tinamutumiza kumudzi wa kutsidya pamodzi ndi ana ena monga timachitila, ndipo atabwelako panalibe anamuuza kanthu. Tinkati uyu samva, auzidwa chiyani. Chaka chathunthu wakhala akuyenda pabwalo pano ndi mawu a amake m'kamwa, kutionetsa mmodzimmodzi, ife n'kumayang'ana pansi.

Anadikilabe. Sindinaonepo kudikila kotelo. Ndinakankhila lichelo kumbali, ndinatsika pakhonde n'kukhala pafumbi kuti tilingane. Ndinati, "Amako anamwalila, mwanawe. Anadwala mutu, anamwalila. Sadzabwelanso."

Anati, "Sadzabwelanso."

Ndinati, "Ee."

Anakhala chete, ine n'kudikila, poti ndaona kuti ndi mmene amachitila. Kenaka anati, "Ine ndifuna." Pomwepo anayamba kulila. Sikunali kukuwa kuja amachita akamulanda chitsononkho. Kunali kulila malilo. Ndinamunyamula, nanenso ndinayamba kulila, kulila kuja ndinakumeza tsiku loika chifukwa chotanganidwa ndi miphika ya alendo. Anthu anathamanga kuchokela kumadimba kuyesa kwagwa imfa ina.

Awisi Happiness atafika anatipeza tili pansi pomwepo. Sindinawauze zambili. Ndinanyamuka n'kukamasula ndekha matumba awo panjinga. Akuluakulu ndithana nawo ine.

Kuyambila mailo wafunsanso kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndikumuyankha chimodzimodzi, iye n'kulilanso. Atate ake akuti a Mukela anawachenjeza kuti funso limodzi angalibweleze masiku ambili, tisatope. Ine mtima wanga ndi wakale, sungathe kunena mawu amenewa ndekha tsiku ndi tsiku.

Pempha tchuthi ubwele, Lillian. Mwana akulila amake, tidzathandizane kumuyankha.

Ndine mkulu wako,
Anastazia